Mwakiya kabati, koma makiyi ali ndi yani?

Aphunzitsi anzanga, tikakumana pamaphunziro a maso ndi maso nthawi ya tchuthi, sipalephera kupezeka mmodzi wondikokera pambali pa nthawi ya tiyi n'kufunsa kuti: "Kodi pali pulogalamu yoti ndiike pakompyuta ya kusukulu kwathu kuti munthu asatsegule Excel kapena foda ya mayeso popanda pasiwedi?" Ilipo, ndipo si imodzi ayi. Ena mwa inu mukuyenda nayo kale pafulashi. Koma ndisanayankhe, ndimafunsa kaye langa: mukayatsa kompyutayo, mumalowa pa dzina la yani? Ambiri amati, "Timangoyatsa basi, imatseguka yokha." Ena amati, "Tonse timalowera pa dzina limodzi, pasiwedi yake tinaimata kunsi kwa kiyibodi." Ndikamva zimenezi ndimadziwiratu kuti chimene mnzangayo akufunacho sichidzamuteteza.

Maganizo anga ndi awa, ndipo muli ndi ufulu wonditsutsa m'mayankho anu: ngati aliyense wokhala pakompyutapo ali ndi mphamvu za Administrator, pasiwedi yoikidwa pa pulogalamu kapena pa foda ndi chokongoletsa chabe. Nthawi zina imavulaza kumene. Imakulimbitsani mtima kuti musungepo zinthu zimene simukanasungapo, ndipo zinthu zikavuta imalozetsa chala munthu wosalakwa.

Mlonda amamvera bwana

Tiyambe ndi mawu akuti Administrator, poti enafe tinakumana nawo titamera kale imvi. Pa Windows, munthu aliyense amalowa kudzera pa akaunti, ndipo maakaunti alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Wina ndi Standard user. Ameneyu amatsegula mapulogalamu amene alipo kale, amalemba, amasunga ntchito yake, amasindikiza, n'kuthera pomwepo. Winayo ndi Administrator. Ameneyu amaika ndi kuchotsa mapulogalamu, amapanga ndi kufufuta maakaunti, amasintha pasiwedi ya munthu wina ngakhale yakaleyo sakuidziwa, ndipo akhoza kulanda fayilo ya mnzake n'kuisandutsa yake. Ngakhale kaundula amene Windows imalembamo zochitika, iye akhoza kumufufuta. Pasukulu tinganene kuti ndi munthu amene ali ndi mpukutu wonse wa makiyi, komanso chilolezo choitana kalipentala kuti azule mahinjesi pachitseko chimene kiyi wake wasowa.

Tsono pulogalamu yokiyira ija nayonso ndi pulogalamu ngati zinzake. Imagwira ntchito mololedwa ndi Windows, ndipo Windows imamvera Administrator. Ili ngati mlonda amene mwamuimika pageti n'kumuuza kuti asalowetse munthu. Mlondayo amamvera bwana. Nanga ngati aliyense wofika pagetipo ndi bwana, abweza yani?

Njira zomulambalalira mlondayu n'zambiri, ndipo kuzitchula pano si kuphunzitsa kuba, pakuti ana a Fomu 3 amazidziwa kuposa ife. Munthu akhoza kutsegula Task Manager n'kuimitsa pulogalamuyo. Akhoza kuichotseratu pa Control Panel. Ikakana chifukwa nayo ikufuna pasiwedi, amazimitsa kompyuta n'kuiyatsa mu Safe Mode, mmene Windows imadzuka ndi zinthu zake zokha zofunikira, mlonda uja akadali mtulo. Ndipo ngati mwakiya Excel yeniyeniyo, kumbukirani kuti malikisi sakhala mu Excel. Amakhala m'fayilo. Munthu amangokopera fayiloyo pafulashi, n'kukaitsegula pakompyuta ina, kapena kuika LibreOffice pomwepo n'kuwerenga zonse. Mwakiya chitseko cha kumaso, koma nyumbayo ilibe khoma la kuseri.

Zomwezi zimachitikanso pafoni. Mukatsitsa pa intaneti kapulogalamu kokiyira WhatsApp kapena zithunzi, kenako n'kupatsa mwana foniyo ili yotsegula, mwanayo ndiye bwana wa foniyo pa nthawi imeneyo. Foni ya Android ikayatsidwa mu Safe Mode, timapulogalamu tonse tochita kutsitsa timagona, kuphatikizapo kokiyira kaja.

Mwina mukufunsa kuti makompyuta athu anakhala bwanji chonchi. Mbali ina ndi mbiri chabe. Windows XP, imene inatuluka mu 2001 ndipo ambirife tinaphunzirirapo kugwira mausi, inkapereka mphamvu za Administrator kwa maakaunti onse opangidwa poiika koyamba. Olemba mapulogalamu anazolowera zimenezo, moti mapulogalamu ambiri a nthawi imeneyo ankakana kuyenda bwino pa akaunti yopanda mphamvu. Mu 2007 Windows Vista inabwera ndi kabokosi kaja kamene kamadetsa sikirini n'kufunsa ngati mukulola kuti pulogalamu isinthe zinthu pakompyuta. Kabokosiko kanapitirira mpaka pa Windows 11. Koma taonani kusiyana kwake: Standard user kamamufunsa pasiwedi ya Administrator, pamene Administrator kamangomufunsa kuti adine Yes. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira XP mu 2014, koma chizolowezi chake chinatsala m'masukulu mwathu. Kompyuta yamphatso imabwera ndi akaunti imodzi, woikonza amaisiya choncho kuti tisamamuvutitse ndi mafoni, ndipo ife timaona ngati ndi mmene kompyuta imakhalira.

Pasiwedi ija munauzako ndani?

Ndikuuzeni chimene chinandichititsa kuti nkhaniyi ndiziitenga ndi mtima wonse. Zaka zingapo zapitazo ndinkayendera mphunzitsi wina wamkazi amene ankachita maphunziro ngati anuwa. Sukulu yake inali ndi kompyuta imodzi m'chipinda cha aphunzitsi. Mayiyu anali wakhama ndiponso wosamala. Malikisi a kumapeto kwa teremu anawalemba mu Excel, anaika pasiwedi ya Protect Sheet, ndipo foda yake anaikiyanso ndi pulogalamu ina imene mlongo wake anamupatsa. Tsiku lotsekera, mphunzitsi wa masamu anadabwa kuona kuti ana awiri amene analephera akhoza bwino pa malipoti.

Pamsonkhano wa aphunzitsi funso linali limodzi. Ahedi anati, "Madamu, pasiwedi ija munauzako ndani?" Iye anati, "Palibe, bwana. Ndimaidziwa ndekha." Ankaganiza kuti akusonyeza kukhulupirika kwake, osadziwa kuti akudzimanga yekha. Ngati pasiwedi akuidziwa yekha, ndiye wasintha malikisi ndani? Manong'onong'o anayamba oti makolo a anawo anamupatsa kangachepe. Mudziwa mmene nkhani zotere zimayendera pamudzi: pofika Lamlungu, ndi kutchalitchi komwe anali atamva.

Nditafika ine teremu yotsatira, ndinapempha ahedi kuti akhale pambali panga. Ndinayatsa kompyuta, inatseguka yokha pa akaunti ya Administrator. Sindine katswiri, aphunzitsi anzanga, ntchito yanga ndi yophunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga. Komabe tiyi wa ahedi asanazizire ndinali nditatsegula fayilo ija n'kusintha nambala imodzi, pasiwedi osaifunsa kwa munthu. Ahedi anangoti, "Aaa, ndiye kuti aliyense akanatha?" Inde, aliyense: aphunzitsi onse, kalaliki, ndi ana amene ankatumidwa kukasesa m'chipindamo. Amene anasintha sanapezeke mpaka lero, chifukwa onse ankalowa pa dzina limodzi. Chimene chinathandiza mayi uja ndi mapepala ake olemba pamanja, amene anasonyeza malikisi enieni. Koma teremu yathunthu anayenda chozolika.

Pakanakhala popanda pasiwedi, aliyense akanadziwa kuti fayiloyo ili poyera ndipo wina aliyense akanakayikiridwa. Loko wabodza uja anachotsa chikayiko pa anthu makumi awiri n'kuchiunjika pa munthu mmodzi.

Apa ndionjezepo mawu pa Protect Sheet, poti ambiri mumaidalira. Kuyambira Office 2007, fayilo ya Excel ndi kamtolo ka timafayilo ting'onoting'ono tomangidwa pamodzi. Protect Sheet imangolemba mzere umodzi m'katimo wopempha Excel kuti isalole kusintha. Manambala anu amakhala ali pomwepo, owerengeka bwinobwino. Munthu akamasula kamtoloko n'kuchotsa mzerewo, chitetezo chatha, ndipo pa ichi safunika n'komwe kukhala Administrator. A Microsoft eni ake amanena m'malangizo awo kuti njirayi sinapangidwe kuti iletse akuba. Ntchito yake ndi kuletsa chala choterereka kuti chisafufute fomula mwangozi, ndipo pa ntchito imeneyo ndi yabwino ndithu. Inenso ndimaigwiritsa ntchito.

Pali pasiwedi ya mtundu wina imene ndimailemekeza. Mu Word ndi mu Excel imatchedwa Encrypt with Password, ndipo LibreOffice ndi 7-Zip nazonso zili nayo. Iyi siimika mlonda pakhomo. Imatenga zolembedwa zenizenizo n'kuzisokoneza mwa masamu, moti popanda pasiwedi sizitanthauza kanthu. Ine amene ndakhala zaka zambiri ndi ophunzira a sukulu za kwacha ndimaimvetsa chonchi: mayi amene sanaphunzire kuwerenga mukhoza kumupatsa kalata m'manja, akhoza kuitembenuza, kuisunga, ngakhale kuing'amba, koma uthenga wake sautola. Fayilo yosokonezedwa imachititsa aliyense kukhala wosadziwa kuwerenga, ndi Administrator yemwe. Office ya kuyambira 2007 imagwiritsa ntchito njira yotchedwa AES, imene boma la America linaivomereza mu 2001. Mafayilo akale a Office 97 mpaka 2003, aja othera ndi doc kapena xls, kusokoneza kwake kunali kofooka, choncho ngati mukadali nawo asungeni mwatsopano.

Koma ngakhale apa musagone tulo. Kalata ija, ngakhale sangaiwerenge, akhoza kuing'amba: Administrator akhoza kufufuta fayilo yanu. Akhozanso kuika kapulogalamu kamene kamalemba mobisa batani lililonse limene mwadina, n'kudzatola pasiwedi yanu mawa lake. Mukasiya fayilo ili yotsegula n'kuthamangira belu la asembule, masamu onse aja alibe ntchito. Pasiwedi ikakhala dzina la sukulu kapena 1234, ndiye musavutike n'komwe. Ndipo mukaiiwala, palibe kalipentala wodzazula mahinjesi. Ntchito yanu yapita.

Vutoli si la ife a kumidzi okha. M'chaka cha 2000, Scott Culp wa ku Microsoft analemba malamulo khumi a chitetezo cha makompyuta amene anati sasintha. Limodzi mwa iwo mfundo yake ndi yakuti chitetezo cha kompyuta chimalekezera pamene palekezera kukhulupirika kwa Administrator wake. Lina limati munthu woipa akakhala ndi mpata wogwira kompyuta yanu ndi manja mmene akufunira, kompyutayo si yanunso. Mu 2013 Edward Snowden anatulutsa zikalata zachinsinsi zochuluka za bungwe la ukazitape la America lotchedwa NSA, ndipo ntchito imene ankagwira inali yoyang'anira makompyuta. Kaya mumamuona ngati ngwazi kapena wopanduka, imeneyo ndi nkhani ina. Chimene ndikufuna muone n'chakuti bungwe la ndalama zambiri chotero linalephera kutchinga munthu amene linamupatsa lokha makiyi. Chaka chomwecho ku Malawi kunaphulika nkhani ya Cashgate. Ofufuza a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti malipiro ena ankalowetsedwa m'makompyuta a boma, macheke n'kutuluka, kenako zolembedwazo n'kufufutidwa. Kufufuta koteroko kumafuna munthu wokhala ndi mphamvu za m'kati. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Nanga kapulogalamu kaulere kochokera pafulashi ya mlamu wanu kangathe zimene zinakanika kumeneko?

Zimene mudzandiyankhe

Ndikudziwa zimene ena mukunena chamumtima, chifukwa ndazimva kambirimbiri. Choyamba mudzati, "Wokonza makompyuta amakhala kuboma, ulendo wa tsiku lathunthu. Tikachotsa mphamvuzi, ndiye tizimuitana pa chilichonse?" Ayi. Akaunti ya Administrator ikhalapobe pasukulu pomwepo. Chimene chikusintha n'chakuti siikhalanso khomo lolowera aliyense tsiku ndi tsiku. Pakafunika kuika pulinta yatsopano, kabokosi kaja kafunsa pasiwedi, woisunga abwera n'kuilemba, ntchito n'kupitirira. Pamwezi zimenezi zingachitike kangati?

Chachiwiri ndi cha mapulogalamu akale amene amakana kuyenda popanda mphamvu zonse. Ichi ndi chodandaula chenicheni, sindichinyoza. Ngati sukulu yanu imadalira pulogalamu yotero, ndipo palibe ina yolowa m'malo mwake, vomerezani poyera kuti kompyuta imeneyo ndi bwalo la aliyense, ndipo musasungepo chinsinsi. Kudziwa kuti chitseko sichikiyika n'kwabwino kusiyana ndi kuganiza kuti mwakiya.

Chachitatu ndicho chovuta, chifukwa si cha makina koma cha mitima. Mphunzitsi amene wagwira ntchito zaka makumi awiri akauzidwa kuti kuyambira lero ndi Standard user, amamva ngati watsitsidwa udindo. "Kodi simukutikhulupirira?" Ndaonapo msonkhano ukutentha pa nkhani yomweyi. Yankho langa ndi lakuti ahedi ayambe ndi iwo eni. Nawonso ntchito zawo za tsiku ndi tsiku azigwirira pa akaunti wamba. Akatswiri awiri, Jerome Saltzer ndi Michael Schroeder, analemba kale mu 1975 kuti munthu aliyense ndi pulogalamu iliyonse zizigwira ntchito ndi mphamvu zochepa zokwanira ntchitoyo basi. Chifukwa chake si kukayikira anthu kokha. Vairasi yobwera pafulashi imatenga mphamvu za munthu amene walowa pa nthawiyo. Ikapeza Administrator imafalikira m'nyumba monse, ikapeza Standard user kawirikawiri imathera m'chipinda chake chokha. Komanso akaunti yanuyanu, ya dzina lanu ndi pasiwedi yanu, ndi mboni yanu. Mayi uja akanakhala ndi yake, ndipo ena onse akanakhala opanda mphamvu zolanda mafayilo, okayikiridwa akanakhala awiri kapena atatu odziwika, osati iye yekha pa mlandu wa anthu onse.

Tsono makiyiwo asunge ndani? Apa pali dzenje lina. M'masukulu ambiri ahedi amaopa kompyuta, ndiye amapereka zonse kwa mphunzitsi wachinyamata mmodzi, mwinanso kwa mwana wasukulu wochenjera. Mphunzitsiyo akasamutsidwa, pasiwedi imakwera naye basi. Zoterezi zinaugwera ngakhale mzinda wa San Francisco ku America mu 2008, pamene katswiri woyang'anira makompyuta a mzindawo, Terry Childs, anakana kuuza mabwana ake mapasiwedi amene ankawadziwa yekha. Anamangidwa, ndipo mpaka meya wa mzindawo, Gavin Newsom, anachita kupita kundende kukawalandira. Ife tilibe meya wotithamangira. Ine ndimalangiza kuti pasiwedi ya Administrator aziidziwa anthu awiri, ilembedwenso papepala, iikidwe mu envulopu yomata, onse awiri asaine pomatapo, ndipo isungidwe m'kabati mmene mumasunga chidindo cha sukulu. Envulopu ikatsegulidwa, kapena mmodzi wa awiriwo akachoka, pasiwedi isinthidwe tsiku lomwelo. Ndi mmene timachitira kale ndi cheke cha sukulu, chimene sasaina munthu mmodzi.

Musaiwale lamulo lina lija la kugwira ndi manja. Munthu akatsala yekha ndi kompyuta usiku, akhoza kuiyatsa ndi Linux ya pafulashi, Windows osadzuka n'komwe, n'kuona mafayilo onse amene sanasokonezedwe. Akhozanso kumasula hadi disiki n'kupita nayo. Mankhwala ake ndi kusokoneza disiki yonse, monga imachitira BitLocker pa mitundu ina ya Windows, komanso loko weniweni wachitsulo pachitseko cha chipindacho. Zinthu zina, kunena zoona, siziyenera kukhala pakompyuta ya anthu onse ngakhale itatetezedwa bwanji: mafunso a mayeso tsiku lake lisanafike, zolemba za mwana amene akumwa mankhwala otalikitsa moyo, dzina la mtsikana amene wakuululirani kuti ndi woyembekezera. Malikisi akasinthidwa mukhoza kuwabweza kuchokera papepala. Chinsinsi cha mwana chikatuluka sichibwerera. Ndipo tsopano pali malamulo: Zambia inakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu mu 2021, Malawi mu 2024. Sukulu imene imasunga mayina, zaka ndi matenda a ana siingadziyese ngati nkhaniyi ndi ya mabanki okha.

Musanatumize mayankho a gawo lino, pitani pakompyuta ya sukulu yanu kapena ya pamalo ophunzirira aphunzitsi a m'dera lanu. Tsegulani Control Panel, kenako User Accounts, muone mawu amene alembedwa kunsi kwa dzina limene mwalowera. Werengani anthu amene amalowera pa dzina limenelo, osaiwala ana otumidwa kukasindikiza. Lembani mawuwo ndi nambalayo. Mukapeza kuti ndi Administrator, chonde musathamangire kusintha nokha madzulo omwewo. Kambiranani kaye ndi ahedi. Mukagwirizana, yambani mwapanga akaunti yatsopano ya Administrator, tulukani, lowaninso nayo kawiri kuti mutsimikize kuti pasiwedi munailemba bwino, imatireni mu envulopu, ndipo mukatero m'pamene mutsitse akaunti yakale ija.